Luso la Namalenga Kuseri kwa Tsaya

Nyengo yogulitsa mbewu ikafika m'dera la Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi, misewu yafumbi imadzaza. Ngolo za ng'ombe zimakoka matumba a chimanga ndi mtedza, njinga zakapalasa zimasenza soya mpaka mwini wake osaoneka, ndipo njinga zamoto zimaphotchola pakati pa zonsezi zitakweza anthu awiri kapena atatu, ambiri opanda chipewa choteteza mutu. Tayala likaterereka pamchenga, chimene chimayamba kufika pansi kawirikawiri ndi chibwano kapena tsaya. Ena ndi ng'ombe yawamenya theche m'khola. Ena ndi mwana wagwa mumtengo wa mango, ena ndi nkhonya ya pamowa, ndipo ena, tisabise, ndi amayi omenyedwa m'nyumba zawo zomwe.

Wovulala amafika pachipatala chaching'ono cha m'dera nkhope itatupa moti ngakhale mayi ake omubereka amayamba amuyang'ana kawiri. Kutupa kumabisa zonse. Namwino wodziwa ntchito sathamangira fupa. Amayamba waona ngati munthuyo akupuma bwino, ngati magazi kapena dzino loguluka silikutseka kukhosi, ngati khosi lili bwino, ngati akudziwa kumene ali. Akatero ndi pamene amafunsa funso looneka lachabe:

"Achimwene, talumani mano. Akukumana ngati masiku onse?"

"Ayi, asisita," amayankha mnyamatayo mosatsegula pakamwa. "Akumbuyo akugundana msanga, akutsogolowa sakufikana."

Yankho limeneli ndi muyeso weniweni, ndipo wauchita ndi thupi lenilenilo makina asanayatsidwe. Dzino silinamatidwe kufupa ayi. Limalendewera m'dzenje lake pa timinyewa tambirimbiri, ndipo pakati pa timinyewato pali mitsempha yomva kwambiri, yomwe ija imakuuzani kuti m'ndiwo muli kamchenga kamodzi, maso asanakaone. Choncho nsagwada ikasuntha pang'ono chabe, mwini wake amadziwa. Namwino amafunsanso ngati mlomo wapansi wachita dzanzi, chifukwa mkati mwenimweni mwa fupa la nsagwada muli ngalande, ndipo m'ngalandemo mumayenda mtsempha umene umakatulukira pa kabowo pafupi ndi chibwano n'kukapatsa mlomo mphamvu yomva. Mtsempha wofewa chotero Namalenga anaubisa m'fupa kuti usaphwanyike potafuna. Fupalo likathyoka, mlomo umachita dzanzi, n'kulozera pamene pavuta. Pamenepo kalata imalembedwa yakuti wodwala apite ku boma, akajambulidwe.

Cheza cha X-ray chimene amajambulira chinadziwika pa 8 Novembala 1895, mumzinda wa Würzburg ku Germany. Wilhelm Conrad Röntgen ankayesa chubu chamagetsi chimene anachikuta ndi pepala lochindikala lakuda, koma anaona kapepala kopakidwa mankhwala kakuwala chapatali. Patapita masabata ochepa anajambula dzanja la mkazi wake, Anna Bertha, ndipo pachithunzipo panaoneka mafupa a zala ndi mphete. Mu Januwale 1896, dokotala wa mano wa ku Braunschweig, Otto Walkhoff, anaika galasi lojambulira m'kamwa mwake n'kukhala duu kwa mphindi 25 kuti ajambule mano ake. Lero ntchito yomweyo sitha ngakhale sekondi imodzi. Röntgen analandira mphoto ya Nobel mu 1901, ndipo anakana kulembetsa zimene anapezazo ngati chuma chake. Ndimamulemekeza pa zimenezo, chifukwa chezacho sanachilenge ndi iye. Dzuwa ndi nyenyezi zinkachitulutsa kale munthu asanaganize zopanga chubu.

Chimene chimandizizwitsa kwambiri ndi chifukwa chake fupa limayera pachithunzi. Chezacho chimadutsa mumpweya mosavuta, m'mnofu movutirako pang'ono, koma chikafika pafupa chimatsakamira, chifukwa fupa ladzaza ndi mchere wa kashiamu ndi fosiforasi. Mano amayera koposa, poti chikuto chawo ndicho chinthu cholimba kwambiri m'thupi lonse. Mchere umenewu unachokera kuti? Unachokera m'mkaka wa m'mawere, m'kapenta wodyedwa ndi minga yomwe, m'chibwabwa ndi bonongwe, m'mtedza wolimidwa m'dothi la ku Lundazi komweko. Dothi linalowa m'mbewu, mbewu inalowa m'mwana, ndipo popanda wolangiza aliyense wooneka ndi maso, thupi linasankha mcherewo n'kuuyala m'malo ake mpaka kutuluka nkhope ya mafupa 14, ndi mphako zake, mabowo ake ndi misoko yake.

Chithunzi cha X-ray ndi mthunzi, ndipo m'mutu mafupa ndi ambiri, ena kutsogolo ena kumbuyo, moti mithunzi yawo imasanjikizana. N'chifukwa chake wojambula sakhutira ndi chithunzi chimodzi. Amatembenuza wodwala cham'mbali, kenako chakutsogolo, kenako amamuyandikiza kuchipangizo nati, "Bambo, kwezani chibwano. Basi pomwepo. Musagwedezeke." Kukweza chibwanoko kumatsitsa mthunzi wa mafupa ochindikala a pansi pa chigaza kuti masaya ndi mphako za maso zionekere. M'zipatala za mano za m'mizinda muli makina ena amene amazungulira mutu, ochokera ku ntchito ya Yrjö Paatero wa ku Finland, ndipo amayala nsagwada yonse pachithunzi chimodzi, kuyambira khutu ili kukafika khutu linalo.

Dokotala akapeza mng'alu umodzi pansagwada sayika chithunzi pansi. Amafunafuna wachiwiri. Nsagwada ndi fupa lopindika limene nsonga zake ziwiri zakakhala pansi pa chigaza, kumanja ndi kumanzere, moti pamodzi ndi chigazacho zimapanga mkombero wotsekeka. Mkombero wolimba ukapanikizidwa, kawirikawiri suthyoka malo amodzi. Munthu womenyedwa kumanja kwa chibwano amapezeka ndi mng'alu wina kumanzere, kumbuyo kwa dzino lotsiriza, kumene sanakhudzidwe n'komwe.

Taikani chala kutsogolo kwa khutu, ndipo mutsegule pakamwa pang'onopang'ono. Mumva kamutu ka fupa kakuzungulira, kenako kakutsetsereka kupita kutsogolo. Pamenepo ndi pamene nsagwada yalumikizana ndi chigaza, ndipo mfundo ziwirizi, yakumanja ndi yakumanzere, zimayenda limodzi nthawi zonse pamene tikudya, kuyankhula, kuimba ndi kuyasamula. Pamwamba pa kamutuko pali fupa lopyapyala kwambiri, ndipo kuseri kwa fupalo kuli ubongo. Munthu akagwa chafufumimba n'kumenyetsa chibwano pansi, mphamvu yonse imakwera ndi nsagwada kulunjika pamenepo. Koma pansi pa kamutu kaja fupa ndi lowonda, ngati kakhosi, ndipo kawirikawiri kakhosiko ndiko kamathyoka, kamutu kasanaboole kulowa kuubongo. Pachithunzi zimaoneka ngati tsoka, kamutu katapendekekera mkati. Ine ndikamaona chithunzi chotero ndimaona chifundo. Fupa limene lingathe kulumikizikanso ladzipereka m'malo mwa chiwalo chimene sichibwerera.

Pakati pa nkhope, kuyambira mano apamwamba kukafika pansidze, luso lake ndi lina. Amene anamangapo nyumba yamitengo amadziwa kuti denga silisenzedwa ndi dothi lomata koma ndi nsichi. Nkhope nayo ili ndi nsichi zake: ziwiri zimakwera m'mbali mwa mphuno, ziwiri zimachoka pamano akumbuyo kudzera m'masaya kukafika m'mbali mwa maso, zina zili mkati chakumbuyo. Zimenezi ndizo zimanyamula mphamvu yonse ya kutafuna chimanga chokazinga kapena kusenda nzimbe ndi mano, n'kuipereka kuchigaza. Pakati pa nsichizo pali zipupa zopyapyala, ndipo kuseri kwa tsaya lililonse kuli mphako yodzaza mpweya. Pachithunzi mphakoyo imaoneka yakuda. Chipupa chake chikasweka, magazi amalowamo, ndipo ngati wodwala wajambulidwa ali chikhalire, magaziwo amadikha pansi n'kupanga mzere wowongoka. Wodziwa kuwerenga chithunzi amayamba kuona mzere umenewo asanapeze mng'alu weniweniwo.

Mu 1901, dokotala wa maopaleshoni wa ku Lille m'dziko la France, René Le Fort, anafalitsa zimene anapeza atayesa mitu ya anthu omwalira kuti aone mmene mafupa a nkhope amaswekera. Ntchito yake inali yolemera mumtima, koma inaulula chinthu chofunika: nkhope siphwanyika chisawawa. Imatsata mizere itatu. Woyamba umadutsa chopingasa pamwamba pa mizu ya mano apamwamba. Wachiwiri umayambira pamwamba pa mphuno n'kutsika mbali zonse ziwiri, pansi pa maso. Wachitatu umadutsa m'mphako za maso ndi m'mbali mwa masaya, n'kulekanitsa nkhope yonse ndi chigaza. Mpaka lero, dokotala wa ku Chipata kapena wa ku University Teaching Hospital ku Lusaka akamalemba za wovulala pangozi ya pamsewu, amatchula mizere yomweyo ndi dzina la Le Fort. Madokotala ambiri amaona kuti pophwanyika motero, nkhope imamwa mphamvu imene ikanafika kuubongo. Sikuti aliyense amapulumuka. Ngozi zina zimaposa zonsezi, ndipo maliro a anyamata a njinga zamoto tawaona. Koma ambiri amene akanafa amafika kuchipatala nkhope itawonongeka, nzeru zili bwinobwino, akufunsa ngati njinga yawo yasungidwa.

Diso nalo Namalenga analisamala mwanjira yomweyo. Mphako yake imapangidwa ndi mafupa 7. Milomo ya mphakoyo ndi yochindikala, koma pansi pake fupa silikwana ngakhale milimita imodzi. Nkhonya ikagunda diso, kawirikawiri pansipo ndi pamene pamabooka, mafuta ozungulira diso n'kutsikira m'mphako ya tsaya, disolo n'kupulumuka osaphulika. Nthawi zina kamnofu koyendetsa diso kamapanikizika pamng'alupo, ndipo wodwala akayang'ana kumwamba amaona zinthu ziwiriziwiri. Tsaya ndi mlomo wapamwamba zimachita dzanzi. Munthu wotere amauzidwa kuti asamine, chifukwa mpweya wa m'mphuno ungadutse pamng'alupo n'kufufumitsa chikope nthawi yomweyo.

Mng'alu wa pansi pa diso X-ray wamba amauphonya kawirikawiri, ndipo apa ndi pamene pamafunika sikani ya CT. Mbiri ya makina amenewa ili ndi mizu kuno ku Africa. Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg mu 1924, anapemphedwa mu 1956 kuti azithandiza pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, kumene ankachiza khansa ndi cheza. Anayamba kudzifunsa ngati masamu angathe kuulula za mkati mwa thupi, munthu atayeza cheza chodutsa kuchokera mbali zambiri. Anafalitsa masamuwo mu 1963 ndi 1964, koma anthu sanawalabadire. Ku England, Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI, osadziwa za Cormack, anapanga makina enieni, ndipo wodwala woyamba anaunikidwa mu 1971 pachipatala cha Atkinson Morley ku London. Awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1979. Makinawo amazungulira mutu, kompyuta n'kusonkhanitsa miyeso yonse kukhala magawo opyapyala, ndipo lero imathanso kuumba chigaza chonse pagalasi kuti dokotala achitembenuze mmene afunira, aone chidutswa chilichonse pamene chagwera.

Kwa munthu wa ku Kapichila, makina oterowo ali kutali. Kuchoka pa boma la Lundazi kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 180, ndipo Lusaka ali kutsogolo ndi makilomita oposa 500. Ulendo wotero umadya matumba a soya angapo. N'chifukwa chake ndimaona kuti nzeru yaikulu ili mwa amene amasankha woyenera kupita. Mphuno, ngakhale ndiyo imathyoka kawirikawiri kuposa fupa lina lililonse la nkhope, nthawi zambiri sifuna chithunzi n'komwe. Maso ndi zala za dokotala zimakwana. Nsagwada yambiri imaoneka bwino pa X-ray wamba. Koma amene akuona ziwiriziwiri, amene mano onse apamwamba akugwedezeka pamodzi, amene madzi oyera akutuluka m'mphuno, amene anakomoka, ameneyo asachedwetsedwe. CT ili ndi cheza chochuluka kuposa X-ray wamba, ndiye sijambulidwa mwachisawawa, makamaka kwa ana, ndipo mayi woyembekezera ayenera kunena asanalowe m'chipinda chojambulira.

Mizere imene nkhope imathyokera komanso misoko imene imaoneka pachithunzi zimatikumbutsa kuti nkhope inachita kulumikizidwa. Pakati pa masabata 4 ndi 8 a pakati, nthawi imene mayi mwina sanauzeko ngakhale apongozi ake, pamutu pa mluza pamatuluka timatupsya 5: kamodzi pamwamba, tiwiri m'mbali, tiwiri pansi. Timakula kulunjika pakati, n'kukumana, n'kumatana. Kangalande kamene kali pakati pa mphuno ndi mlomo wanu wapamwamba kali pamalo a msonkhano umenewo. Nthawi zina kumatanako sikutha, mwana n'kubadwa ndi mlomo wong'ambika. Si matsenga, si tchimo la mayi, ndipo madokotala amasoka. Kuchokera ku kachigawo komweko kamene kamabala nsagwada kumachokeranso timafupa tiwiri mwa titatu ta mkati mwa khutu. Fupa loyankhulira ndi mafupa omvera ndi apachibale, ochokera pamphukira imodzi. Ndikaganiza zimenezi ndimangoti kakasi.

Khanda limabadwa nsagwada ili zigawo ziwiri, zimene zimadzalumikizana pachibwano m'chaka choyamba. Ndipo palibe chithunzi chokongola ngati cha nsagwada ya mwana wa zaka 6. Mano amkaka ali pamzere wawo, koma pansi pawo, mkati mwa fupa, mano achikulire akhala kale m'timatumba tawo, ena atangoumbika mutu wokha wopanda mizu, lililonse likudikira chaka chake. Pamene dzino lachikulire likukwera, mizu ya lamkaka imasungunuka kuti lipereke malo. Dokotala womanga nsagwada yothyoka ya mwana amayenera kusamala kuti asabaye timatumbato, poti angawononge dzino limene mwini wake sanalione.

Mapulani amenewa si a dzulo. Mu 1921, anthu okumba mgodi ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, anapeza chigaza cha munthu wamakedzana, chimene akatswiri mu 2020 anati chili ndi zaka pafupifupi 299,000. Nsagwada yapansi sinapezeke. Chigazacho chili ku Natural History Museum ku London, ndipo dziko la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere kwawo. Chinaunikidwapo ndi CT, ndipo ngakhale nsidze zake ndi zochindikala kuposa zathu, mphako zampweya zilimo, mafupa a masaya alipo, ndipo mano ake ambiri ndi obooka. Munthu ameneyo dzino linamupwetekapo ngati mmene limatipwetekera ife.

Chithunzi chikaonetsa pamene pathyoka, dokotala amabwezera zidutswa m'malo mwake, ndipo chomutsogolera ndi mano aja: akakumana monga kale, ndiye kuti fupa lakhala bwino. Ena amamangidwa mano apansi ndi apamwamba ndi waya kwa masabata 4 mpaka 6. Ena amaikidwa tizitsulo ta titaniyamu ndi timisomali. Koma waya salumikiza fupa, ngakhalenso chitsulo. Ntchito yawo ndi kugwira kuti pasagwedezeke. Kulumikizako kumachitika mkati, mosaoneka. Magazi amaundana pamng'alu. Timitsempha tatsopano timamera kulowa m'magaziwo. Maselo ena amabwera kudzakokolola m'mbali mwa fupa lowonongeka, moti pakatha masabata ngati awiri mng'alu umatha kuoneka waukulu pachithunzi kuposa tsiku loyamba, wodwala n'kuda nkhawa pamene ntchito ikuyenda bwino. Maselo ena amayala ulusi wofewa, n'kuuthira mchere uja mpaka kuuma. Kenako kwa miyezi yambiri ogumula ndi omanga amasinthana, kusema chotupa cha fupa latsopanolo mogwirizana ndi mmene munthu akutafunira. Khungu likapola limasiya chipsera. Fupa limapola ndi fupa lenileni.

Masabata amenewo ndi ovuta. Mlimi wozolowera nsima yolimba amakhalira phala lamadzimadzi lothira nsinjiro, mkaka, thobwa ndi msuzi wosefa, zonse zodutsa m'mipata ya mano. Mayi ake amakhala pambali ndi kapu, akumunyengerera: "Imwa, mwanawe, fupa silimera ndi njala." Wodwalayo amatsuka m'kamwa ndi madzi ofunda amchere akatha kudya kulikonse, fodya ndi mowa amazisiya poti zimachedwetsa kupola, ndipo womudikirira amaphunzitsidwa kudula wayayo msanga ngati wodwala atayamba kusanza. Changu cha thupi chomwechi ndicho chimachititsa kuti kuchedwa kunyumba kukhale koopsa. Fupa silidikira dokotala. Pakangotha masabata awiri kapena atatu limayamba kugwirana pamene lilipo, kaya molunjika kaya mokhota, ndipo kulikonza pambuyo pake kumafuna kulidulanso.

Ana ndi amene ndimawadera nkhawa koposa. Mwana akagwa n'kung'ambika pachibwano, bala limasokedwa, aliyense mtima n'kukhala m'malo. Koma mphamvu ija inakwera mpaka kutsogolo kwa khutu, ndipo kamutu ka nsagwada mwa mwana ndi kofewa, komanso ndi pamene nsagwada imakulira. Kakaphwanyika osadziwika, nthawi zina kamamatirira kuchigaza, pakamwa n'kumka patsekeka chaka ndi chaka, chibwano osakula, mwana n'kumadya movutika. Kholo liziona ngati mwana akudandaula kutsogolo kwa khutu, ngati chibwano chikupatukira mbali imodzi potsegula pakamwa, ngati m'khutu mwatuluka magazi, ndipo likaona zotere lipemphe kuti mfundoyo iunikidwe. Zikadziwika msanga, ana ambiri safuna mpeni. Amapatsidwa zakudya zofewa, amalimbikitsidwa kutsegula ndi kutseka pakamwa tsiku lililonse, ndipo amabwerera kukaonedwa. Pazithunzi zojambulidwa patapita miyezi, kamutu kaja kamene kanagwera mkati kamapezeka kakusemedwanso, ndipo mwa ana aang'ono kawirikawiri kamayandikira maonekedwe ake akale, nsagwada n'kupitiriza kukula limodzi ndi mwini wake.